Mbewa Yamanyazi Inafera ku Una, Yachiroma Inafera mu Uchi

Ogasiti akafika, matchire atapsa kumudzi, mlongo wanga wa ku Katete saiwala. Katoni imanyamuka pa basi, yomangidwa ndi mphira, n'kusintha basi pa Lusaka, mpaka kudzatsikira kuno ku Kabwe. Pamwamba pamakhala mtedza, pakati mfutso, ndipo pansi penipeni, zokulungidwa m'nyuzipepala ngati katundu wakuba, pamakhala mbewa 30 zowamba bwino, michira ili njo.

Zimene ndimachita zikafika n'zomvetsa chisoni, poganizira kuti ndine bambo wa imvi, mphunzitsi wopuma pa ntchito amene ndinaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri. Ndimatseka mawindo, n'kukhoma chitseko, n'kuuza adzukulu kuti akasewere kutali. Chifukwa chake n'chakuti kuseri kwa mpanda kuno ku Bwacha kumakhala Mbemba, mbuya wanga, munthu amene makutu anayamba kumuthawa koma mphuno yake apolisi akanailemba ntchito. Fungo likangomupeza amakuwa kuti, "A mbuya, kodi lero kwa makoswe kwagwanso maliro?" Ine ndimamufunsa ngati anyani atsalako kwawo ku Mpika, monga chimbuya chimafunira, koma ndimafunsa ndili m'kati, milomo ili noninoni ndi mafuta, kiyi ali m'thumba.

Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera ku una. Amene anakumbako mbewa akudziwa kumene mwambiwu unachokera. Anyamata akafukiza utsi, mbewa zochenjera zimaboola khomo lothawira n'kuliyatsa liwiro la kutchire, pamene ija yoti "anthu andiona bwanji ndikutuluka chonchi" imangokhala phee mpaka utsi kuimaliza. Agogo ankatiuza mwambiwu tikakana nsima kwa eni, m'mimba mukulira. Sindinkadziwa kuti mbewa yamanyaziyo idzakhala ine, wodya mbewa.

Amene andichotsa manyazi chaka chino ndi Aroma. Inde, Aroma omwe aja a misewu yowongoka, a malamulo amene maloya athu amatchulabe mawu ake m'khoti kuti bilu ikule, a Chilatini cha pa Misa ya kale. Anthu amenewa ankadya mbewa. Si amphawi ogona m'misika ayi, koma mabwana enieni okhala ndi akapolo ndi minda ya mphesa. Ndinene chilungamo, popeza mbuya wanga amawerenga: mbewa yawo, imene ankaitcha glis, si kapuku wathu kapena chitute. Ndi kanyama ka pakati pa mbewa ndi gologolo, ka mchira waubweya, kogona miyezi yambiri nthawi yachisanu. Koma ikani kanyamako m'mbale, mchira uli pomwepo, muitane Mbemba aliyense adzatchule dzina lake. Adzati khoswe.

Ndipo iwo sankachita kukumba dzuwa lili pamutu monga ife. Varro, amene analemba za ulimi Yesu asanabadwe, anafotokoza mtsuko wadothi wowetera tinyamati, wotchedwa glirarium. Unali ndi timabowo ta mpweya, m'kati muli timizere tokwerapo, ndi malo oikapo mtedza wa m'mitengo ya kwawo. Ankavundikira mtsukowo kuti mukhale mdima, kanyamako kazingodya ndi kugona mpaka kanenepe thupi lonse. Pophika, ena ankakathira uchi, ena ankakatsegula pamimba n'kuikamo nyama ya nkhumba yosinja ndi tsabola. Wolemba mbiri wina, Ammianus Marcellinus, anadandaula kuti pa maphwando ena ankabweretsa sikelo patebulo kuti ayeze nsomba, mbalame ndi mbewa alendo akuona, alembi ali chilili pambali kulemba kulemera kwake. Zinafika poti m'chaka cha 115 BC, mtsogoleri wina wa boma, Marcus Aemilius Scaurus, anakhazikitsa lamulo loletsa kudya mbewazi pa maphwando, poona kuti kunali kuwononga chuma. Ganizirani bwino pamenepa. Ku Roma mbewa inaletsedwa chifukwa inali chakudya cha anthu onyada. Ine ku Bwacha ndikuidyera mumdima.

Komabe mtsuko uja wandisautsa maganizo, chifukwa waonetsa kuti mwambi wathu unasiya mbewa zina panja. Yamanyazi inafera ku una, tavomera. Yopanda manyazi ija inatuluka mwamatama, nayonso tinaiona: ili pampani m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, kamnyamata kakuikweza m'mwamba basi ikamadutsa. Tsono pali yachitatu, ya mumtsuko. Iyi ili ndi nyumba yaulere, chakudya chimabwera chokha, mphaka saifikira, ndipo ikamalankhula ndi anzake a kutchire imati inapeza ntchito m'boma. Ndimaikumbukira mbewa imeneyi nthawi zonse foni yanga ikalira pa 20 mwezi ndi uthenga wokoma woti ndayenerera ngongole, ndingodina nambala yakuti, ndalama zilowa pompano. Palibe amene amakuthirira mtedza mumtsuko chifukwa chokonda nkhope yako. Anzanga angapo amene tinapuma nawo ntchito anadina, ananenepa milungu iwiri, ndipo lero penshoni yawo imayezedwa pa sikelo ya anthu ena.

Tibwerere ku mbale. Agiriki, aphunzitsi a Aroma, ankagawa chakudya pawiri. Panali sitos, chakudya chenicheni cha ufa wa balere kapena tirigu, ndipo panali opson, chodyera chake: anyezi, azitona, tchizi, nyemba, makamaka nsomba. Ndinaphunzitsa zimenezi m'Chingerezi zaka zonse zija osazindikira kuti ndikunena nsima ndi ndiwo. Analinso ndi dzina lonyoza munthu wokonda ndiwo kuposa nsima, opsophagos, amene ife timati wankhuli. Xenophon anasimba kuti tsiku lina Socrates, ali pa chakudya, anaona mnyamata akungotola ndiwo osakhudza buledi, ndipo anayambitsa dala kukambirana za tanthauzo la dzina lija. Mnyamatayo atazindikira kuti akunena iye, sanasiye ndiwo, anangonyema kabuledi pang'ono kophimbira mlandu. Socrates anauza oyandikana naye kuti amuyang'anitsitse, aone ngati buledi ndiye wasanduka ndiwo. Dziko lonse limalemekeza Socrates kuti ndi tate wa nzeru zakuya. Ine ndikuona amalume anga a ku Chadiza, amene ankawerenga nthuli mu mbale asanapemphere n'kuziwerenganso pa Ameni.

Nkhuli ya nsomba inali matenda a Agiriki. Strabo anasimba za woyimba zeze wina amene ankasangalatsa anthu mu mzinda wa Iasos. Nyimbo ili m'kati, belu la kumsika linalira kudziwitsa kuti nsomba zafika, ndipo anthu onse anati balala, kupatula bambo mmodzi wosamva bwino. Woyimbayo anapita kukamuthokoza chifukwa chokonda luso, osathamangira belu ngati anzake. Bamboyo anafunsa ngati belu lalira kale, ndipo atamva kuti inde, anatsanzika n'kuthamanga nayenso. Amene anayesapo kuchititsa msonkhano wa mpingo kuno tsiku limene nsomba zaziwisi za ku Lukanga zafika pa msika safunika kumumasulira nkhaniyi. Nawonso osauka a ku Athens anali ndi tinsomba tawo tating'onoting'ono tokazinga, kapenta weniweni, kungoti wawo sankachokera ku Mpulungu kapena ku Siavonga.

Aroma nawo anakula ndi phala lolimba lotchedwa puls, la ufa wa mtundu wina wa tirigu, ndipo analidya zaka mazana ambiri mu mzinda wawo musanakhale ophika buledi wogulitsa. Chimanga sanachidziwe, chinangwa, tomato ndi mbatata ayi, pakuti zonsezi zinaoloka nyanja kuchokera ku America pambuyo pa 1492. Julius Caesar anafa asanalaweko chimanga chootcha, ndipo ine ndimamumvera chisoni. Koma pa nkhani ya ufa ankafanana nafe ndendende. Kuyambira 58 BC boma linkagawa tirigu waulere, ndipo m'nthawi ya mfumu Augustus olandira anali pafupifupi 200,000. Tirigu atasowa m'chaka cha 51 AD, khamu linazinga mfumu Claudius pabwalo la mzinda n'kumugenda ndi zinyenyeswa za buledi, mpaka anathawira kunyumba yachifumu kudzera khomo lakuseri. Amene tinaona zipolowe za unga za mu Disembala 1986 ku Copperbelt ndi za mu Juni 1990 ku Lusaka tikudziwa kuti mtengo wa unga ukakwera, mbewa zamanyazi zonse zimatuluka tsiku limodzi.

Za tizilombo ndingodutsa mwachangu, chifukwa pamenepa ine ndi mbuya wanga tili mbali imodzi: iye ndi finkubala zake, ine ndi inswa zanga. Aristotle, munthu amene anaphunzitsa Alexander, analemba kuti nyenje zazikazi zimakoma kwambiri zikakhala ndi mazira, ndipo munthu salemba zotere asanalawe. Pliny wamkulu anati Aroma ankanenepetsa mphutsi za m'mitengo ndi ufa asanazidye. Koma chimene chikanagwetsa mphuno ya mbuya wanga ndi garum. Ankatenga matumbo a nsomba ndi tinsomba tating'ono, n'kuthira mchere wambiri, n'kuzisiya padzuwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka zitasungunuka, kenako n'kusefa madzi ake. Madzi amenewo ankawathira pa chilichonse, pa nyama, pa masamba, ngakhale pa zipatso. Garum wabwino kwambiri wa ku Spain, malita pafupifupi 6 ndi theka, ankagulidwa ndalama zawo 1,000, pamene msilikali ankalandira 900 pa chaka chathunthu. Ndiye wina azindiuza kuti nsomba zouma zikununkha m'basi?

Kumene mwambi uja unandigwira pakhosi kwenikweni ndi ku ukwati wina mu holo ina m'tauni muno, chaka chatha. Ndinali ndi khadi, dzina langa litalembedwa ndi inki yagolide, mphatso nditapereka. Nthawi ya chakudya itakwana, ndinati munthu wamkulu sathamangira mbale, ndiyambe ndaona anzanga. Ndinakhala tsonga, tayi ili pakhosi, ndikumwetulira aliyense. Pamene ndinkafika pa miphika ndinapeza mpunga wapansi, kabichi, ndi msuzi wosonyeza kuti nkhuku inadutsapo. Nkhukuyo inapita ndi anthu amene mkwati sawadziwa, mkwatibwi sawadziwa, ndipo iwo omwe sankadziwa kuti akukwatira ndani.

Aroma anali ndi dzina la anthu otere. Mlendo wobwera pambuyo pa woitanidwa, iye osaitanidwa, ankamutcha umbra, kutanthauza chithunzithunzi, chifukwa munthu sungamuuze kuti asiye chithunzithunzi chake pakhomo. Agiriki ankati parasitos, wodyera pambali pa mnzake, ndipo dzina limeneli madokotala analitenga n'kupatsa njoka za m'mimba. Chinanso, Mroma popita ku phwando ankanyamula kansalu kake kopukutira m'manja, mappa, ndipo pobwerera ankakulungiramo zotsala. Martial, mlakatuli wa pakamwa pakuthwa, anaseka anthu odzaza kansaluko ndi nyama phwando lisanathe. Amayi athu amene amatulutsa kathumba ka pulasitiki m'chikwama nkhuku ikangofika asamanyozedwe. Akusunga mwambo wa zaka 2,000. Ngakhale tebulo la akuluakulu silinayambe ndi ife. Pliny wamng'ono analemba kalata yodandaula za mwini phwando amene ankadya zonona ndi anzake ochepa, ena onse n'kuwapatsa zotchipa, vinyo atamugawa m'magulu atatu molingana ndi ulemerero wa womwa.

Ndipo onsewa, mabwana ndi zithunzithunzi zomwe, ankadya ndi manja. Ankagona chammbali pa mabedi atatu ozungulira tebulo, atatsamira chigongono chamanzere, dzanja lamanja likugwira ntchito, akapolo akubweretsa madzi osamba m'manja. Foloko ya patebulo inalibe malo. Ine amene ndinalimbana ndi mwendo wa nkhuku ndi mpeni ndi foloko pa msonkhano wina wa aphunzitsi, mwendowo n'kuuluka kukatera pa siketi ya mayi woyang'anira masukulu, ndinavutikiranji? Augustus akanangougwira.

Musaganize kuti ndasanduka Mroma. Pali pamene kupanda manyazi kwawo kunawagwetsa, ndipo pamenepo pakutikhudza ife a ku Kabwe kuposa wina aliyense. Aroma sankathira shuga m'chakudya. Zotsekemera zawo zinali uchi ndi madzi a mphesa owiritsa mpaka atatsala ochepa, olemera ngati manyuchi, amene ankawatcha sapa. Columella, wolemba za ulimi, ndi Pliny wamkulu analangiza kuti aziwawiritsira m'miphika ya mtovu, poti mphika wa mkuwa umawononga kakomedwe. Tsoka lake, mtovu ukakumana ndi zowawasa umasungunukiramo mwakachetechete, osawawa, osanunkha. Madzi ankayenda m'mapaipi a mtovu, akazi ankayeretsa nkhope ndi ufa wa mtovu. Sikuti panalibe wochenjeza. Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa m'nthawi ya Augustus, anaona kuti osula mtovu amakhala otumbuluka, ndipo analemba kuti mapaipi adothi ndiwo abwino pa thanzi. Anamumva, n'kupitiriza. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ena amati mtovu ndiwo unagwetsa ufumu wonse wa Roma. Akatswiri ambiri amakana, ndipo ine ndili nawo, pakuti ufumu sugwa ndi mphika umodzi.

Koma ife sitifunika Chilatini kuti tiudziwe mtovu. T. G. Davey anaupeza kuno mu 1902, n'kutcha malowa Broken Hill potengera mgodi wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, tauni inakula, ndipo mgodi unatulutsa mtovu ndi zinki mpaka unatsekedwa mu 1994. Mgodi unapita, fumbi linatsala. Lili pa chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi, lili m'mabwalo a ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu kumene ana amasewera, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imalilowetsa m'nyumba popanda odi. Mroma ankachita kugula mphika wake. Mwana wa ku Kasanda amaulandira ulere, pa chala chimene waika m'kamwa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wabwino, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa mwana wamng'ono. Pano sindiseka. Ndimakumbukira ana amene ndinkawakalipira m'kalasi kuti ndi ogona, osamva, oiwala msanga, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo amene ankalimbana ndi chinthu chimene ine, ndi choko changa, sindinkachiona.

Apa ndiye mwambi uja uli ndi mano. Kholo limachita manyazi kufunsa kuchipatala ngati mwana angayezedwe magazi, poopa kuoneka lovuta pamaso pa anamwino. Mayi woyembekezera amabisa kuti amadya dothi. Mwamuna amaona ngati kuwaza madzi pabwalo asanasese, kapena kusambitsa mwana m'manja asanadye, ndi nkhani za akazi. Utsi uli m'una, ife tili phee, tikusunga ulemu. Funsani, bambo. Funsani, mayi. Akakuyang'anani moipa, funsaninso.

Ngakhale mkulu wa tonse m'tauni muno nkhani yake ndi yomweyi. Mu 1921, mu mgodi womwewo, anafukula chigaza cha munthu amene anakhala kuno zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, Agiriki ndi Aroma asanalotedwe n'komwe. Mano ake ambiri ndi obooka, ndipo ali m'gulu la mano obooka akale kwambiri odziwika pa dziko, kusonyeza kuti vuto la kukonda zokoma ku Kabwe silinayambe ndi mabisiketi. Anamutengera ku London, ndipo mpaka lero ali ku Natural History Museum. Dziko la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti abwerere, mwaulemu, ndi makalata, ndi misonkhano. Mkuluyo akadali komweko, alibe ngakhale tchuthi.

Loweruka lapitali ndinatulutsa mbaula panja, pakati pa bwalo, mawindo onse ali otsegula. Ndinathira mchere ndi tsabola, uchi ndinaukana, pakuti si zonse za Aroma zoyenera kutengera. Sipanapite mphindi zisanu, mutu unasuzumira pampanda.

"A mbuya, mwafika potulutsa maliro panja?"

"Lowani, a mbuya," ndinatero. "Izi si mbewa. Ndi chakudya cha mabwana a ku Roma, chimene boma linachita kuletsa chifukwa chodula."

Anati abwera kudzangoona, kuti akasimbe bwino kwa anzake. Anakhala pa mpando, anafunsa ngati Aromawo ankadya ndi mutu womwe, ananyema kamwendo kuti atsimikize kuipa kwake. Anadya zinayi. Pochoka anatulutsa kansalu m'thumba n'kukulungamo ziwiri, ati akaonetse mkazi wake zonyansa zimene anthu a kum'mawa amadya.

Mlongo wanga ku Katete, ngati mwana wina akuwerengera izi, chaka chamawa uchepetse mtedza. Mbewa zikhale 60.